Fodya ndi wathu, nanga phindu likupita kuti?

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani imene ikutidya mtima ife alimi a fodya kuno ku Kasungu. Nthawi zambiri timamva akuluakulu akunena kuti fodya ndi golide wa dziko lino. Tsono ngati ndi golide, bwanji mwini chigafa amafika Januwale nkhokwe ili mbee?

Tiyeni tiwerengere limodzi. Ndudu imodzi simulowa fodya wokwana galamu imodzi, kutanthauza kuti kilogalamu imodzi imatulutsa ndudu zoposa 1,000. Kilogalamu yomweyo pa okushoni ya Chinkhoma kapena Kanengo timagulitsa madola awiri kapena atatu zikatiyendera. Ku London paketi imodzi ya ndudu 20 imaposa mapaundi 10, ndipo gawo lalikulu la mtengowo ndi msonkho wa boma la Britain. Choncho boma limene silinafese nazale, silinasoke tsamba ngakhale limodzi, limapeza pa paketi imodzi ndalama zoposa zimene mlimi amapeza pa kilogalamu yonse. M'chaka cha 2024 fodya yense wa Malawi sanafike madola 400 miliyoni, pamene msonkho wa fodya ku Britain m'chaka cha 2023 unaposa mapaundi 8 biliyoni. Kusiyana kwa maiko olemera ndi osauka kumene azibusa athu amatchula pa guwa ndi kumeneku, ndipo kumayambira pa jeke.

Sindikunena kuti olakwa ndi akunja okha. Nthawi ya Kamuzu lamulo linkaletsa mlimi wamng'ono kulima fodya wa bale. Ankalima ndi eni maesiteti okha, ambiri a iwo akuluakulu a boma ndi a chipani. Minda ya makolo inasanduka maesiteti, anthu n'kukhala matenanti. Zimenezo tinachitirana tokhatokha.

Koma taonani mmene otithandiza akhala akusinthira mankhwala. Kuyambira 1981 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse ndi IMF anayamba kupereka ngongole zokhala ndi malamulo. Mu 1987 ADMARC inatseka misika yambiri ya kumidzi. Kuyambira 1990 anatiuza kuti chuma cha mlimi wamng'ono chili mu fodya wa bale, ndipo tinathamangira, chimanga n'kuchichepetsera malo. Mu 1994 kwacha anaisiya kuti iziyenda yokha, kenaka thandizo lotsitsa mtengo wa feteleza linachotsedwa. Pofika 2001 chimanga cha m'nkhokwe za boma chinali chitagulitsidwa, IMF italangiza kuti chichepetsedwe, ena a kuno komwe n'kupezerapo mwayi wosesa chonse. Amene anali ku Kasungu mu February 2002 akudziwa zimene anthu anadya: madeya, zitsinde za nthochi, mizu ya m'tchire. Matenanti ndiwo anavutika koposa chifukwa analibe munda wawo wa chakudya. Palibe mlangizi wa ku Washington amene anagona ndi njala chaka chimenecho.

Pamene boma la Bingu wa Mutharika linayambitsa makuponi mu 2005, ambiri mwa otithandiza sanakondwe nazo. Chimanga chitachuluka anayamba kuyamikira. Lero akutiuza kuti tisiye fodya, ndipo Malawi inalowa pangano la WHO lochepetsa kusuta mu 2023. Ine sindikutsutsa, fodya amaphadi anthu. Bungwe la Plan mu 2009 linapeza kuti ana ogwira ntchito m'minda ya fodya, ena a kuno ku Kasungu, amatha kulowetsa m'thupi chikonga chofanana ndi kusuta ndudu mpaka 50 pa tsiku. Mu November 2019 America inayamba kutsekereza fodya wa Malawi pa madoko ake chifukwa cha nkhani yogwiritsa ntchito ana, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti. Zonsezi n'zoyenera. Koma mwana samapita ku chigafa chifukwa bambo wake ndi wankhanza ayi. Amapita chifukwa mtengo wa belo sukwanira kulipira waganyu wamkulu. Kuletsa mwana osakweza mtengo ndi kuphimba bala ndi nsanza.

Ulimi wa kontilakiti umene unakhazikika mu 2012 wabweretsa feteleza pa nthawi yake, tivomereze. Komabe wokongoza ndi yemweyo, wogula ndi yemweyo, ndipo mawu ake pa giredi ya tsamba ndiwo amalemera. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, thumba la feteleza linakwera nthawi yomweyo.

Pempho langa likupita kwa aphungu athu, a Tobacco Commission ndi atsogoleri a mipingo amene amatiwerengera makalata a ubusa. Pepala la kontilakiti lilembedwe m'Chichewa, ndipo lisonyeze mtengo wa thumba lililonse ndi chiwongola dzanja mlimi asanadinde chala. Ndipo amene akufuna tilime soya ndi mtedza m'malo mwa fodya ayambe atisonyeza msika wokhazikika ndi mtengo wake tisanagaule. Ife a kuno soya timamudziwa, koma chaka chimene wachuluka amathera pa sikelo ya mavenda pa mtengo wolira.

Mlimi wokhudzidwa,
Chamama, Kasungu.