ZA M'MAIKO ENA: Cognac wocheza agogo, ogulitsa ndi adzukulu

Kumadzulo kwa dziko la France kuli mtsinje wochedwa Charente, ndipo m'mbali mwake muli tauni yaing'ono ya Cognac. Dzina la tauniyi ndilo dzina la mowa waukali umene unachuka pa dziko lonse. Amene anauonapo m'mahotela a ku Lusaka amadziwa maina anai: Hennessy, Martell, Rémy Martin ndi Courvoisier. Makampani amenewa ndiwo amagulitsa gawo lalikulu koposa la mowawu. Komatu alimi a mphesa m'cigawoci ndi oposa 4,000, ndipo ambiri a iwo amagulitsa vinyo kapena mowa wao kwa makampaniwo, maina ao osaoneka pa botolo. Owerengeka okha ndiwo amathira wao m'mabotolo ndi kulembapo dzina la banja. Mowa wa mabanja otere ndiwo umene akatswiri olawa amaufunafuna kuti aulinganize, popeza mabotolo awiri a mudzi umodzi sakoma mofanana.

Mowawu umayamba ngati vinyo wowawasa, wosakoma kumwa, wa mphesa zochedwa ugni blanc. Vinyoyo amamucheza kawiri m'mphika wa mkuwa wokhazikidwa pa moto, ndipo lamulo likuti nchitoyi ithe pofika pa 31 March. Pocheza koyamba ukali umafika pafupi magawo 30 pa 100, kaciwiri pafupi 70. Amai ocheza kacasu m'midzi ya kuno angazindikire msanga nchitoyi. Ngakhale madontho oyamba kutuluka Afalansa nawonso amawacha "mutu". Kusiyana kwake nkwakuti kuno mutu ndiwo umakwera mtengo, pamene ku Cognac amaupatula, namasunga wa pakati wokha umene amaucha "mtima". Pamenepa mpamene dzanja la mwini limayamba kuoneka, pakuti palibe buku lomuuza nthawi yeniyeni yodulira. Amadalira mphuno yake ndi zimene anaona kwa atate wake.

Mtimawo umatuluka woyera ngati madzi. Mtundu wofiirira ndi kukoma kwake zimacokera ku migolo ya mtengo wa oak, makamaka wa ku nkhalango za Limousin ndi Tronçais. Caka ndi caka magawo awiri kapena atatu pa 100 amauluka kupyola m'matabwa, ndipo eni ake amati limenelo ndi gawo la angelo. Mpweya womwewo umadyetsa nkhungu yakuda imene imadetsa zipupa ndi madenga a nyumba zosungiramo mowa. Mgolo ukakhala zaka makumi asanu kapena kuposa, wotsalawo amauthira m'mitsuko ikuluikulu ya galasi, cifukwa m'galasi mowa sukalambanso, ndipo amautsekera m'cipinda cochedwa paradis. M'zipinda zina mukali mowa wa mphesa za folle blanche zimene zinalimidwa kacilombo ka phylloxera kasanaononge minda ya cigawoci m'zaka za m'ma 1870.

Motero mlimi amene adzaza mgolo lero nkuuika pambali amadziwa kuti ndalama yake adzaiona ndi mwana kapena mdzukulu. Migolo ndiyo khola lake la ng'ombe.

Tsono wogula amayang'ana zilembo za pa botolo. VS ndiye kuti zaka ziwiri m'mgolo, VSOP zaka zinai, ndipo XO zaka 10 kuyambira mu 2018. Kale zinali zisanu ndi cimodzi. Cimene ambiri sadziwa ncakuti zilembozi zimanena za mowa wocepa msinkhu koposa mwa yonse yosakanizidwa m'botolomo. XO wa nyumba ina angakhale wongokwanitsa zaka 10, pamene XO wa mlimi wina wagona zaka 25. Zilembo ndi zimodzi, koma zakumwa ndi ziwiri. Mtundu nawo umanyenga, cifukwa lamulo limalola kuthiramo shuga wopsereza wodetsa mowa, manyuci pang'ono, ndi madzi ophikiramo zibanthu za oak. Mowa wakuda bii sindiye kuti ndi wakale. Alimi ena amakana zonsezi ndi kulemba pa botolo kuti sanathiremo kanthu.

Ncifukwa cake wolawa wodziwa sakhulupira maso. Amatenga matambula opapatiza kukamwa, atatu kapena anai, nathira pang'ono m'iri yonse, kuyambira wocepa zaka kufikira wakale. Sathamanga. Mowa umene wakhala m'mdima zaka makumi atatu umafuna mphindi zingapo kuti utulutse fungo lake. Salowetsa mphuno m'tambula, cifukwa ukali ungamuphe mphuno osamvanso kanthu. Amanunkhiza capatali, kenaka nkusendeza. Kuwotha tambula pa kandulo, monga amacitira m'mafilimu, nkuononga cabe. Polawa amatenga dontho longonyowetsa lilime, ndipo akameza amakhala cete kumvetsera. Wacabecabe amaocha pakhosi nkutha pomwepo. Wabwino amatsala m'kamwa nthawi yaitali, kukoma kwake kukusintha, ndipo ngakhale tambula itauma fungo limakhalamobe.

Akayamba kulinganiza, coyamba kumveka ndi nthaka. Malire a cigawo ca Cognac anaikidwa mu 1909, ndipo mu 1938 cinagawidwa m'madera asanu ndi limodzi. Grande Champagne, dera la nthaka yoyera ya coko pafupi ndi Segonzac, limapatsa mowa wonunkhira maluwa umene umacedwa kukhwima. Ukali wamng'ono ndi wolusa, koma umapirira zaka zambiri. (Dzinali lisasokoneze munthu: palibe cibale ndi vinyo wa thovu wa ku Champagne.) Kumeneku kuli banja la Paul Giraud la ku Bouteville, lodziwika ndi kuthyola mphesa ndi manja pamene ena anatengera makina, ndi la Jean Fillioux la ku Juillac-le-Coq. Borderies, dera laling'ono koposa, limadziwika ndi fungo la duwa la violet ndi la mtedza. Fins Bois amapatsa mowa wa fungo la zipatso umene umakhwima msanga, monga wa banja la Guy Pinard ku Foussignac, limene lakhala likulima popanda mankhwala a m'sitolo kuyambira mu 1969. Wa pa zilumba za Ré ndi Oléron ena amaumva kamcere ka nyanja.

Nyumba yosungiramo nayo imalankhula. M'nyumba ya cinyezi, pafupi ndi mtsinje, ukali ndiwo umauluka ndipo mowa umafewa. M'nyumba youma madzi ndiwo amacoka, mowa nkutsala wakuthwa. Ndipo pakapita zaka makumi awiri kapena atatu pamabadwa fungo limene olawa amalicha rancio, longa la mtedza wokhalitsa, bowa wouma ndi cikopa. Limeneli ndilo umboni wa zaka umene shuga wopsereza sangaubereke.

Sikuti makampani akulu amapanga mowa woipa ai. Luso lao ndi kusakaniza migolo yambirimbiri kuti botolo la caka cino lifanane ndi la caka catha, ndipo imeneyo si nchito yamasewera. Sikutinso wa mlimi ali yense ndi wabwino. Ena amasiya mowa m'mgolo watsopano nthawi yaitali nkuwawa ngati khungwa. Koma kampani imabisa kusiyana, pamene mlimi alibe cina cogulitsa koma kusiyanako.

Masiku ano nkhaniyi yafika pa mimba. Pafupifupi cognac yense amagulitsidwa kunja kwa France, makamaka ku America ndi ku China. Malonda anatsika kwambiri mu 2023. Mu September 2024 alimi anaguba m'miseu ya Cognac ndi matalakita, ndipo mu October China anayamba kulipiritsa mowa waukali wa mphesa wocokera ku Ulaya, pobwezera msonkho umene maiko a ku Ulaya anaika pa magalimoto ake a magetsi. Makampani akulu akacepetsa zogula, woyamba kumva kuwawa ndi mlimi amene analibe msika wina. Amene ali ndi botolo la dzina lake ali ndi pogwira pang'ono, koma nayenso ngongole ikamupana amatsegula paradis ndi kugulitsa mitsuko ya agogo, imene ikapita palibe moibwezera.