Ntchito yozimitsa moto ifike kumidzi, koma galimoto yokha siyokwanira

Chaka ndi chaka, kuyambira mwezi wa Ogasiti kufikira pamene mvula yoyamba yagwa, nkhani za ngozi ya moto sizisowa pa wailesi ndi m'manyuzipepala a m'dziko muno. Kwina msika wapsa usiku, kwina nyumba yogonamo ana asukulu yanyeka, kwina banja lataya chimanga chonse chimene linakolola. Mathero a nkhanizi amakhala amodzimodzi: ozimitsa moto anafika zonse zitasanduka phulusa, kapena sanafike n'komwe. Pa chifukwa ichi, anthu ambiri akhala akupempha kuti boma lililonse likhale ndi galimoto yakeyake yozimitsa moto. Pempholi ndi loyenera, ndipo lachedwa kuyankhidwa. Komabe tiyenera kufunsa mosabisa kuti galimotoyo ikabwera idzapulumutsa yani, nanga otsalawo adzatetezedwa ndi chiyani.

M'Malawi muno, ntchito yozimitsa moto yokhazikika ili m'manja mwa makhonsolo a mizinda inayi ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, kuphatikizapo magulu a pa mabwalo a ndege monga la Kamuzu ndi la Chileka, amene ntchito yawo yeniyeni ndi kuyang'anira ndege. Koma dziko lino lili ndi maboma 28, ndipo kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mwa anthu oposa 17.5 miliyoni, anthu 84 mwa 100 alionse amakhala kumidzi. Munthu wa ku Mchinji ali pa mtunda woposa makilomita 100 kuchokera ku Lilongwe. Wa ku Karonga ali pa mtunda woposa makilomita 200 kuchokera ku Mzuzu, ndipo pakati pake pali zitunda za Chiweta. Wa ku Chitipa ndiye tisanene. Nyumba yofolera ndi udzu ikagwira moto m'mwezi wa Okutobala, denga limagwa pasanathe mphindi zochepa. Ngakhale galimotoyo itakhala pa boma pomwepo, mudzi umene uli pa makilomita 40 a msewu wafumbi, wokhala ndi milatho yamitengo, sungaiyembekezere.

Kukhala m'tauni nakonso si chitsimikizo. Mu 2013 nyumba ya likulu la ESCOM inapsa pakati penipeni pa mzinda wa Blantyre. Mu Julayi 2014 nyumba yosungiramo katundu wa bungwe loyendetsa zisankho inapsa ku Lilongwe. Mu Disembala 2015 laibulale ya Mzuzu University inanyeka pamodzi ndi mabuku pafupifupi 45,000. Zonsezi zinachitika m'mizinda imene ili ndi ozimitsa moto. Galimoto yozimitsa moto imanyamula malita masauzande ochepa chabe a madzi, ndipo mpope wake ukatsegulidwa mwamphamvu madziwo amatha m'mphindi zowerengeka. Pakapanda potunga ena pafupi, iyenera kubwerera kukasaka madzi moto ukupitirira. Imafunanso dizilo, matayala, makaniko amene amaidziwa, zipangizo zimene zambiri zimachokera kunja, ndi anthu ophunzitsidwa osinthana usana ndi usiku. Paja akuluakulu anati walira mvula walira matope. Khonsolo imene yalandira galimoto ngati mphatso koma ilibe ndalama zoiyendetsera mwezi ndi mwezi, pakapita zaka ziwiri idzakhala ndi chitsulo chokhala pa miyala kuseri kwa ofesi.

Apa ndi pamene pagona vuto la ndalama. Makhonsolo a m'mizinda amatolera misonkho ya nyumba ndi malo, pamene makhonsolo a maboma amadalira kwambiri ndalama zochokera ku likulu ndi timatikiti ta pamsika. Lamulo la maboma aang'ono la mu 1998 linapereka ntchito zambiri ku makhonsolo, koma mphamvu ku anthu yopanda chuma ndi dzina chabe. Pali chinthu china chowawa pamenepa. Mayi wogulitsa tomato ndi bambo wogulitsa kaunjika amadula tikiti tsiku lililonse, mvula kaya dzuwa, ndipo ndalama zawozo ndi zimene zimayendetsa khonsolo. Koma m'misika yambiri mulibe thanki ya madzi, mulibe ndowa za mchenga, mabenchi amatabwa ndi mapulasitiki anathithikana kotero kuti ngakhale galimoto itafika singapeze polowera. Amene amalipira mokhulupirika ndi amene alibe chitetezo.

Ndiye ngati galimoto zikugulidwa, malo ake oyenera ndi pa boma ndi m'malo akuluakulu ochitira malonda, kumene kuli misika, zipatala, malo omwetsera mafuta, nyumba zosungiramo chimanga ndi sukulu zogonera konko. Chiopsezo m'malo amenewa chakula m'zaka zapitazi. Ndondomeko ya MAREP yafikitsa magetsi m'malo ambiri amalonda akumidzi, chimene ndi chitukuko chabwino, koma mawaya ambiri m'magolosale ndi m'nyumba amalumikizidwa ndi anthu osaphunzira ntchitoyo. Kusowa kwa mafuta kumene kwavutitsa dziko lino mobwerezabwereza kuyambira mu 2022 kwachititsa anthu kusunga petulo m'zigubu kuchipinda, ena pofuna kugulitsa kwa a kabaza a njinga zamoto. Moto wa petulo ndi wa magetsi sufanana ndi wa udzu: ukauthira madzi, wa petulo umafalikira, wa magetsi umagwira wothirayo. Anthu amene anazolowera kuthamanga ndi ndowa akamva mfuu sanauzidwe zimenezi.

Za sukulu zogonera konko, zimene zambiri zili m'manja mwa mipingo, ziyenera kutikhudza mwapadera. Mu Seputembala 2024, ku Kenya, anyamata 21 anafa moto utabuka usiku m'nyumba yogona pa sukulu ya Hillside Endarasha m'dera la Nyeri. Aliyense amene anaonapo nyumba zogona ana zathu kuno akudziwa mmene zambiri zilili: mazenera otchingidwa ndi zitsulo poopa akuba, khomo limodzi, mabedi osanjikizana, matiresi a siponji amene amayaka msanga ndi kutulutsa utsi wakupha, ndi ana owerengera kandulo magetsi akazima. Kutsegula khomo lachiwiri lotsegukira kunja, kuleka kukhoma ana ndi loko wakunja, ndi kuwayeseza kutuluka mwadongosolo kamodzi pa teremu, sizifuna chilolezo cha ku Capital Hill. Zimafuna komiti ya sukulu imene yakhala pansi n'kugwirizana.

Kumudzi kwenikweni nkhani ndi ina. Moto wakumudzi kawirikawiri sumayambira patali. Umachokera kwa anyamata osaka mbewa amene ayatsa mapesi m'munda, kwa alenje, kwa ofula njuchi, kwa ootcha makala, kwa mlimi amene akusosa mphepo ikuomba, kapena m'khitchini ya udzu yomangidwa moyandikana ndi nyumba ndi nkhokwe. Umaononga zinthu zimene sizilembedwa m'malipoti: udzu wofolera, msipu wa ziweto, mitengo imene anthu anabzala m'dzinja lapitalo, ndi mapesi amene alangizi anawalimbikitsa kuphimbira nthaka pa ulimi wa mleranthaka. Alimi ambiri agwa ulesi ndi ulimi umenewu chifukwa chakuti khama la miyezi ingapo limatha madzulo amodzi, mwana wa mnansi akufuna ndiwo. Motowu sungazimitsidwe ndi munthu wochokera ku boma. Ungaletsedwe, kapena kugwidwa usanakule, ndi anthu amene ali pomwepo.

Phunziro lalikulu pa zimenezi lili ku Chikangawa. Nkhalango ya Viphya, ya mahekitala pafupifupi 53,000, inali imodzi mwa nkhalango zobzalidwa zazikulu kwambiri mu Africa. M'masiku ake abwino inkatetezedwa ndi anthu: olambula njira zotchinga moto chilimwe chisanafike, alonda okhala pa nsanja kuyang'ana utsi, ndi magulu okonzeka kuthamangira pamene payaka. Antchito atachepa, malipiro atayamba kuvuta ndipo anthu ozungulira atayamba kuona kuti phindu la matabwa likupita kwa ena, moto unakhala mlendo wa chaka chilichonse, ndipo pamodzi ndi kudula kosabwezeretsa unasiya mapiri ambiri ali mbee. Chimene chinasowa kumeneko si makina okha ayi. Kunasowa anthu olipidwa pa nthawi yake, ndi anthu oona kuti nkhalangoyo ndi yawonso.

Chosangalatsa n'chakuti sitikuyambira pa chabe. Lamulo la nkhalango la mu 1997 linatsegula njira yoti midzi ikhale ndi nkhalango zake ndi makomiti oyang'anira zachilengedwe. Pansi pa nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA, pali makomiti a m'midzi ndi a m'madera a mafumu akuluakulu, ndipo lamulo latsopano la mu 2023 linalowa m'malo mwa lakale la mu 1991 ndi cholinga choika mtima pa kupewa ngozi m'malo mongodikira kugawa thandizo. M'chigwa cha Shire makomiti amenewa aphunzira kuchenjeza anthu madzi akamakwera, pogwiritsa ntchito mafoni, malikhweru ndi zimkuzamawu. Koma maphunziro awo akhala a madzi osefukira ndi chilala. Moto umangotchulidwa podutsa. Kuwonjezera moto pa ntchito yawo n'kotsika mtengo kuposa kukhazikitsa bungwe latsopano: achinyamata khumi kapena khumi ndi awiri pa gulupu aliyense, ophunzitsidwa ndi ozimitsa moto a mumzinda, okhala ndi zikwanje, makasu, zophulira moto, mapampu a kumsana onga opoperera mbewu, ndi chizindikiro chimodzi chodziwika kwa onse, kaya ndi belu la pa tchalitchi kaya chitsulo cha pa sukulu. Tinene poyera kuti ntchito yongodzipereka imatopetsa. Gulu limene silidzalandira kanthu kalikonse, ngakhale nsapato, lidzatha chaka chachiwiri chisanafike.

Mbali ya mafumu ndi yaikulu. Kumene nyakwawa inakhazikitsa lamulo lomveka, lakuti woyatsa tchire alipe mbuzi kapena nkhuku ndipo kholo liyankhire mwana wake, moto wolusa umachepa, bola chilangocho chisaone nkhope. Akatswiri a zankhalango amalangizanso kutentha tchire moyambirira, cha m'Meyi kapena Juni udzu usanaumitsitse, chifukwa moto wa nthawi imeneyo ndi wofatsa ndipo supha mitengo ngati wa mu Okutobala. Moto umapita kumene kwatsala tchire. Mudzi umene walambula mozungulira nyumba, nkhokwe, zigafa ndi manda wauchotsera njira.

Pali anthu ena amene galimoto singawafikire ngakhale itathamanga chotani. Ambiri mwa amene amagonekedwa m'zipinda za opsa ndi moto pa zipatala za Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ana aang'ono amene anagwera pa moto wophikira, m'phala kapena m'madzi otentha, makamaka m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi pamene mabanja amaotha moto. Ena ndi odwala khunyu amene anagwa ali pafupi ndi mafuwa, ndipo nthawi zina anthu amachedwa kuwachotsa chifukwa cha chikhulupiriro chabodza chakuti matendawa amapatsirana pokhudzana. Sapatsirana. Ndipo pa bala la moto sipafunika mazira, mafuta ophikira kapena mankhwala otsukira mano, koma madzi oyera ozizira kwa mphindi 20, kenaka kuthamangira kuchipatala. Awa ndi mawu amene katekisti kapena mtsogoleri wa mphakati angathe kunena m'mphindi ziwiri pa zolengeza.

Ndalama za zonsezi zingachokere kuti? Kumapeto kwa 2025 boma linalengeza kuti thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, CDF, likwezedwa kufika pa K5 biliyoni pa dera lililonse. Kaya ndalamazo zifike zonse kaya zochepa, zimene zidzagwire zidzachokera pa mndandanda wa zofuna za anthu umene umayambira ku makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC. Mndandandawo nthawi zambiri umadzaza ndi midadada ya sukulu, milatho ndi mijigo, zinthu zooneka zimene wandale angathe kudulapo riboni. Thanki ya madzi pamsika, khomo lachiwiri pa nyumba yogona atsikana ndi maphunziro a gulu la achinyamata sizidzalembedwa pokhapokha wina ataimirira pa msonkhanowo n'kuzitchula, ndipo ambiri mwa owerenga tsamba lino amakhala m'makomiti amenewo.