Tchizi wadula? Musadandaule, chambiko chilipo

Sabata ino ndale tiziike kaye pambali, tikambe za m'mimba.

Loweruka lapitali ndinalandira alendo ochititsa manthenthe: malume ake a mtsikana amene ndikufuna kumanga naye banja, pamodzi ndi akazi awo. Paja amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma zimene wadya pakhomo pako amakazifotokoza mudzi wonse. Ndiye ndinati buledi wa majarini yekha ayi, apa pafunika tchizi.

Lachisanu ndinalowa m'sitolo ina m'tauni. Nditaona mtengo wa kachidutswa kakang'onong'ono, ndinabweza mwaulemu ngati ndinangofuna kuwerenga zolembapo. Amene anandiombola ndi mayi wina wogulitsa matimati, yemwe kale ankaphika m'nyumba ya anthu a ku Lebanon. Ataseka mpaka misozi, anati: "Achimwene, tchizi ndi mkaka basi. Kagulenitu chambiko."

Zoonadi, kwawoko amasefa yogati pansalu, n'kupeza tchizi wofewa amene amamutcha labneh. Chambiko chathuchi chimachitanso chimodzimodzi, chifukwa nawonso ndi mkaka wosasa umene wagwirana kale. Chatsala n'kuchotsa madzi.

Kapangidwe kake ndi aka. Tengani lita imodzi ya chambiko, thiranimo mchere theka la sipuni ya tiyi. Yalani kansalu koyera kamene mwakawiritsa m'madzi, tsanuliranipo chambikocho, mangani pakamwa, n'kupachika pamalo ozizira, mbale ili pansi. Mukapachika madzulo, pofika m'mawa, patatha maola 10 kapena 12, mupeza tchizi wokwana pafupifupi kapu imodzi.

Tsopano nsinjirani adyo timagawo 2, dulani masamba a anyezi tizidutswa ting'onoting'ono, kambuzi m'modzi yekha mutachotsa njere, ndi sipuni imodzi ya mafuta ophikira. Sakanizani ndi foloko. Lawani kaye musanawonjezere mchere. Ndimu musathire, kuwawasa kulimo kale. Pakani pa buledi wowotcha pang'ono, pa chinangwa chophika kapena pa mbatata. Madzi achikasu otsala m'mbale aja musataye, kandirani ufa wa mandasi kapena chigumu.

Koma pano mvetsetsani, amangwetu. Ngati chambiko mumapanga nokha, mkakawo muziyamba mwauwiritsa. Mkaka wosawiritsa umatha kupatsira anthu TB ya ng'ombe ndi matenda ena. Chinanso, mukasakaniza adyo ndi anyezi, chakudyachi sichipirira kutentha. Patebulo chisapitirire maola 2, makamaka mu Okutobala. Opanda firiji pangani chongokwanira tsikulo. A firiji, masiku 3 asadutse. Kutsegula mlendo m'mimba ndi manyazi oposa kumupatsa buledi wouma.

Nanga alendo anga aja? Malume anadya magawo 4 osayankhula, thukuta la kambuzi lili kamukamu pamphumi. Kenako anafunsa: "Akamwini, zimenezi mwagula sitolo iti?" Mwamva? Akamwini! Mawu amenewo anali asanatulukepo m'kamwa mwawo. Ine ndinangoti, "Zapakhomo pompano, malume," uku ndikukankhira kansalu kaja kuseri kwa chitseko.

Mayi a matimati aja ndawalonjeza kuti chaka chonse matimati ndizigula pa benchi pawo, osanenerera. Tikumane sabata ya mawa.