Pisani dzanja pansi pa dengu

Lachiwiri ndili pagombe la Metangula ndinaona mayi wina wogula usipa akukana kulipira msodzi mpaka atapisa dzanja pansi pa dengu, kuti aone ngati zapansi zikufanana ndi zapamwamba. Mtima unandiwawa: bwanji mabanki a Credit Suisse ndi VTB sanapise dzanja chonchi mu 2013 ndi 2014, pokonza ngongole za madola pafupifupi 2 biliyoni za makampani a boma la Mozambique a EMATUM, ProIndicus ndi MAM? Nyumba ya Malamulo sinafunsidwe, ziphuphu zinayenda mwakachetechete, ndipo maboti ophera nsomba za tuna ogulidwa ndi ngongolezo anachita dzimbiri padoko la Maputo. Chinsinsi chitaululika mu 2016, IMF ndi mayiko othandiza anaimitsa thandizo, ndalama ya metikali inagwa, mitengo ya sopo ndi mafuta a injini n'kukwera mpaka ku Cobué. Credit Suisse inalipira chindapusa cha madola pafupifupi 475 miliyoni mu 2021, koma chindapusa sichibwezera msodzi zaka zomwe anavutika. Ine ndikuti wofufuza m'banki apatsidwe mphamvu zoimitsa malonda asanasainidwe, popanda kuopa bwana wosusukira phindu. Ndalama za dziko zimafuna maso ngati a mayi uja.