Okushoni ya nsapato pa foni: wogula wa kumudzi ndiye amasenza mtolo wonse

Alimi a m'boma la Macanga akayamba kugulitsa fodya, a ku Tsangano nawo akukumba kachewere, ndalama zimayenda m'midzi. Amalonda amaidziwa bwino nyengo imeneyi. Ena amabwerabe pamsika wa Furancungo ndi mabelo a kaunjika, yemwe ambiri amati kalamidade. Koma ena masiku ano amangolowera pa foni. M'magulu a WhatsApp ndi pa Facebook mumabwera chithunzi cha nsapato za Nike, Adidas kapena Timberland, mtengo woyambira wotsika, ndi lonjezo lakuti wotchula ndalama zambiri nthawi isanathe ndiye atenge.

Okushoni si yachilendo kwa alimi a m'malire. Anzawo a ku Malawi amatumiza fodya ku Kanengo, Chinkhoma, Limbe ndi Mzuzu, kumene ogula amatsegula belo, kugwira tsamba, kenako n'kutchula mtengo. Ngakhale kuno, kumene fodya amagulitsidwa pa mgwirizano ndi kampani ya Mozambique Leaf Tobacco, ndalama sizituluka tsamba lisanaonedwe ndi kuikidwa pa sikelo. Okushoni ya pa foni yatembenuza dongosolo limeneli. Wogula amalipira kaye, katundu n'kudzamuona pambuyo, ngati angafike.

Mpikisano wa nsapato za mayina unayambira kutali, kwa anthu a ndalama zambiri. Mu April 2023, kampani ya Sotheby's inagulitsa nsapato zimene Michael Jordan anavala pa masewero a basketball mu 1998 pa mtengo wa madola 2.2 miliyoni, omwe ndi pafupifupi mameticais 140 miliyoni. Misika ya pa intaneti monga eBay ndi StockX imapikisanitsa ogula tsiku ndi tsiku. Misika imeneyi ili ndi antchito ofufuza ngati nsapato ndi yeniyeni isanatumizidwe kwa wogula. Ngakhale zili choncho, mu 2022 kampani ya Nike inadandaula kukhoti ku America kuti inagula nsapato zachinyengo pa StockX pomwepo. Ngati msika waukulu wotero ukhoza kukayikiridwa, nanga gulu la WhatsApp lomwe mwini wake sadziwika kumene amagona?

Nsapato zachinyengo ndi malonda aakulu. Lipoti limene mabungwe a OECD ndi EUIPO anatulutsa mu 2019 linati katundu wachinyengo anakwana madola 509 biliyoni mu 2016, ndipo nsapato ndizo zinatsogola pa katundu wolandidwa m'madoko ndi m'zipata za mayiko. Pa chithunzi, yeniyeni ndi yachinyengo zimafanana. Kusiyana kumaonekera pa msoko, pa guluu ndi pa chidendene, pamene nsapato yaponda matope a Januwale. Akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Vuto lachiwiri ndi mtengo. Pamsika, wogula ndi wogulitsa amanenerera mpaka mtengo utsike. Pa okushoni mtengo umangokwera. Tiyerekeze nsapato yoyambira pa mameticais 500. Anthu atatu akulimbirana, aliyense akuonjezera 200. Mphindi zochepa yafika pa 2,500, ndipo mnyamata amene wagwira ndalama za fodya safuna kuoneka wochepa pamaso pa anzake. Chimene iye sangachidziwe n'chakuti awiri enawo akhoza kukhala anzake a wogulitsa, kapena wogulitsa yemweyo ndi manambala ena a foni.

Mtengo wopambanira si womaliza. Pali ndalama yonyamulira katundu kuchokera ku Maputo, Beira kapena Johannesburg kufika mumzinda wa Tete, ndi ina ya chapa yofika ku Furancungo. Katundu wochokera kunja amalipira msonkho wa Alfândega komanso IVA, yomwe ili pa 16 peresenti kuyambira mu 2023. Nsapato yopangidwa ku Vietnam kapena ku China sisanduka katundu wa SADC chifukwa choti yagulidwa ku South Africa. Pali nkhani ya saizi: kuno anthu amawerenga 41, 42, 43, pamene ku Malawi ndi ku South Africa amati 7, 8, 9, ndipo 9 wa ku America amayandikana ndi 8 wa ku Malawi. Nsapato yothina imene yachokera kutali, kuibweza kumadya ndalama kuposa kuisunga.

Kalipiridwe nako kamakomera wogulitsa. M-Pesa ya Vodacom, e-Mola ya Movitel ndi mKesh ya Tmcel zathandiza kwambiri midzi yomwe ili kutali ndi banki. Koma ndalama ikatumizidwa, wolandirayo n'kuitapa kwa ejenti, kuibweza n'kovuta. Amene amagula kwa amalonda a ku Lilongwe kapena Blantyre amadutsanso kwa osintha ndalama a pa Biri-Biri kapena Calómuè. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mtengo wosinthira wa pamsewu sugwirizana ndi wa kubanki. Amene sadziwa mtengo wa tsikulo amaluza asanaione n'komwe nsapatoyo.

Malamulo alipo. Lamulo nambala 22/2009 limateteza ogula, ndipo nambala 3/2017 limayang'ana malonda ochitika pa makina. Oyendera malonda a boma amalanda katundu wachinyengo, apolisi ndi SERNIC amafufuza milandu ya kuba mwachinyengo. Komabe mlandu umafuna munthu woimbidwa, wa dzina ndi malo. Nambala ya foni yozimitsidwa, makamaka ya dziko lina, siifika kukhoti. Mlimi wa ku Chidzolomondo amene angafune kutsata nkhaniyo akhoza kuononga pa maulendo ndalama zoposa zimene anabedwa.

Sikuti aliyense wogulitsa pa foni ndi wakuba. Achinyamata ambiri a ku Ulónguè ndi ku Tete akupeza chakudya mwachilungamo pa malonda omwewa, ndipo foni yawapatsa ogula amene sakanawafikira. Wogulitsa wachilungamo amadziwika ndi zochita zake. Amavomera kuonetsa nsapatoyo pa kanema, pansi pake ndi chikalata cha m'kati mwa lilime chomwe chili ndi saizi ndi dziko lopangira. Amavomera kulipidwa katundu akafika, kapena kudzera mwa munthu wodziwika mbali zonse ziwiri. Dzina limene limatuluka pa M-Pesa limagwirizana ndi limene iye watchula. Amene akukana zonsezi, n'kumakakamiza kuti ndalama itumizidwe msanga chifukwa pali wina akudikira, wadziulula yekha.

Wogula nayenso ali ndi mbali yake: kudziikira malire a mtengo mpikisano usanayambe, kusunga mauthenga onse a malipiro, ndi kusauza munthu aliyense PIN yake.

Ndalama ya mlimi imabwera kamodzi pa chaka, kampani itachotsa kale ngongole ya zipangizo. Ndiyo yoti igule feteleza ndi mbewu mvula isanagwe, ndiponso makope ndi yunifolomu sukulu zikamatsegulira. Kuvala bwino pambuyo pa chaka cha thukuta si mlandu. Koma fodya wake sanagulidwe asanagwiridwe m'manja, ndipo palibe chifukwa choti iye agule nsapato mwanjira ina.