Mlandu wa Cipinda ndi Bwalo

Pali ciphunzitso cimene cafala pakati pa okonda masewero a pa wailesi ya kanema, cakuti sewero lojambulidwa m'nyumba liri lonyenga, ndipo lojambulidwa kubwalo, pa miseu ndi mapiri eni eni, ndilo loona. Ine ndikana ciphunzitso cimeneci, ndipo mboni zanga ndidzazitenga ku Britain, kumene mlanduwu unakula koposa.

Tiyambe ndi nyumba yojambuliramo, imene Angerezi aicha studio. Pamene BBC inayamba kuulutsa zithunzi ku Alexandra Palace, mu London, m'caka ca 1936, panalibe njira yabwino yosungira sewero. Anthu analiona kwao pa nthawi yomweyo linalikucitika. Makamera anali olemera, oyenda pa magudumu, omangika ku zingwe. Makoma a zipinda anali a matabwa ndi nsaru. Cifukwa cace osewera analoweza mau onse, nasewera nthawi yaitali osapumula. Ndipo kamera, posowa phiri kapena nyanja yakuonetsa, inasendera pafupi ndi nkhope ya munthu. M'kupanikizika kumeneku munabadwa sewero la mau ndi la nkhope.

M'caka ca 1964 mlembi Troy Kennedy Martin anadzudzula masewero otere, nafuna kuti kamera ileke kumangoyang'ana anthu olankhulana m'zipinda. Tsono m'caka ca 1966 Ken Loach anatenga kamera yopepuka, yonyamula pa phewa, najambula mbali yaikuru ya Cathy Come Home m'makwalala ndi m'zithando za osauka. Anthu ngati 12 miliyoni anaona mkazi wosowa pokhala alikulandidwa ana ace pa siteshoni ya sitima, ndipo nkhani ya osowa nyumba inagwedeza dziko lonse. Ici ndicibvomereza ndi mtima wonse. Koma taonani cimene cinapatsa sewerolo mphamvu: Loach anaturuka kukafuna anthu amene dziko linawaiwala. Mseu unangomfikitsa kwa iwo.

Nanga amene anaturuka pambuyo pace anapita kuti? Ambiri analunjika ku nyumba za mfumu. Brideshead Revisited, ya 1981, inajambulidwa ku Castle Howard, ku Oxford ndi ku Venice. Downton Abbey, kuyambira 2010 kufikira 2015, inadyetsa maso ndi nyumba ya Highclere Castle. Ndipo imvani ici: mabwana anasewera m'nyumba yeni yeni, koma khichini ndi zipinda za anchito zinamangidwa ndi matabwa ku Ealing Studios. Khomo limene linatsegulidwa kuti tione amphawi linasanduka khomo loonerera cuma. Akuru anati cikomekome ca nkuyu, m'kati muli nyerere.

Yerekezani tsono ndi I, Claudius, ya 1976, imene BBC inajambula yonse m'nyumba. Nkhani yace ndi ya mafumu a Rome, koma mzindawo suoneka. Pofika masewero a anthu omenyana ndi malupanga, khamu limveka kupfuula, ndipo ife tipenya nkhope za banja lacifumu zokha. Siân Phillips, posewera Livia mkazi wa Augustus, aopsa munthu ndi diso ndi lilime, wopanda gulu la nkhondo kumbuyo kwace. Kodi pali wina anganene kuti njiru ndi kukhumba ufumu zinacepa m'sewerolo cifukwa makoma anali a matabwa? Iai. Pakuti pamene palibe cokongola cobisalako, mlembi ayenera kulemba mau olemera, ndi wosewera ayenera kuwasenza yekha. Kubwalo kuli pothawira pambiri: mau akacepa aonetsa mitambo, nzeru ikatha aonetsa galimoto.

Mlanduwu utikhudza ifenso. Wailesi ya kanema inayamba ku Malawi m'caka ca 1999, makutu athu atazolowera kale masewero a pa wailesi ya mau, m'mene munthu adziwika ndi zonena zace zokha. Cuma cimeneci tisacigulitse ndi nyumba zosanjikizana ndi mipanda ya njerwa. Inu amene mupanga masewero, musacite manyazi ndi cipinda cimodzi ndi mipando iwiri. Ngati muturuka, turukani monga Loach, kukafuna munthu amene sanamvedwe. Ndipo inu makolo, mwana akatama sewero cifukwa ca zobvala ndi magalimoto, mfunseni anene cimene anthuwo analankhula, ndi cimene cinawagwera cifukwa ca zocita zao. Akasowa poyankha, dziwani kuti wapenya nyumba, koma sewero sanalione.