Mutu wa monografia uli pakhomo pathu

Aphunzitsi anzanga, ndikukonza pulojekiti ya monografia yanga ya Educação Visual. Ambiri akuthamangira pa intaneti kukatola mitu ya zojambula za ku Ulaya. Ine ndasankha mbiya zoumbidwa m'mudzi mwathu ku Angónia. Funso langa ndi limodzi: mwana wa kalasi yachisanu angaphunzire chiyani kwa agogo oumba mbiya, kuyambira pokumba dongo mpaka pootcha?

Monografia ndilemba m'Chipwitikizi, inde, koma agogowo ndikawafunsa m'Chinyanja, ndipo mawu ngati nkhali, mtsuko ndi phale ndiwasiya momwemo. Zidebe zapulasitiki zadzaza misika, oumba atsala okalamba okhaokha. Tikapanda kulemba ife, adzalemba ndani? Makolo, musawakalipire ana akabwera ndi dongo m'manja: akuphunzira.